Ndege Pamwamba, Mbatata Pamutu: Mbiri ya Mlengalenga wa Chigwa cha Domasi

Chigwa cha Domasi chidagona pakati pa mapiri awiri, la Zomba kumwera ndi la Malosa kumpoto, ndipo mtsinje umene udachipatsa dzina umatsetsereka chakum'mawa mpaka kukathira m'nyanja ya Chilwa. Kumtunda kwa chigwachi n'kozizira, ndipo mbatata ya kachewere, kabichi ndi ndiwo zina zamasamba zimachita bwino. Kwa zaka zambirimbiri alimi akumeneko akhala akusenza zokolola zawo pamutu, kukwera chitunda, kudutsa m'nkhalango ya paini pamwamba pa phiri, n'kutsikira kumsika wa Zomba, mpaka njira yawoyo idalowa m'mabuku a alendo odzaona malo ndi dzina loti Potato Path. Kunsi kwa phiri lomwelo, m'chidikha cha kunja kwa tauni, kuli bwalo la ndege limene anthu amangoti ku Airwing. Papita zaka zoposa 90 chiyambire ndege kunyamula anthu ndi makalata m'dziko muno, koma mtolo wa mlimi wa kumtunda kwa Domasi sudapepukepo. Ine ndikuona kuti izi sizidangochitika mwangozi, ndiponso gwero lake si umphawi wokha. Kuyambira pachiyambi, mafunso anayi okhudza ndege, oti ipite kuti, inyamule yani, ione chiyani pansi, ndipo zimene yaonazo asunge ndani, akhala akuyankhidwa kutali ndi phiri, kawirikawiri kunja kwa dziko. Dera lamapiri limene lilibe mawu pa mafunso amenewa limasowa zida zofunika potchinjiriza nkhalango yake, madzi ake ndi miyoyo ya anthu ake.

Ndege zisanabwere, Domasi sadali malo obisika. Amishoni a Church of Scotland adatsegula siteshoni yawo kumeneko mu 1884, m'dziko la mfumu Malemia ya Ayao, boma la atsamunda lisanakhazikike n'komwe. Mu 1891 Harry Johnston adasankha Zomba kukhala likulu, mu 1913 phiri la Zomba lidasanduka nkhalango yotetezedwa ndi boma, ndipo mu 1929 ku Domasi kudatsegulidwa sukulu ya Jeanes, kumene aphunzitsi ndi akazi awo, kenako mafumu omwe, ankaphunzira za ukhondo, ulimi ndi kayendetsedwe ka midzi. M'zaka zoyambirirazo katundu ankayenda pamitu ya amtengatenga, bwana ankayenda pamachila, ndipo kalata ya ku London inkatha milungu ili m'njira. Choncho amene adali ndi ludzu la ndege adali bwanamkubwa, akuluakulu a boma, eni minda ya tiyi ndi fodya, ndi amalonda. Mu 1931 C. J. Christowitz wa ku Blantyre adayamba kuulutsa tindege topita ku Beira, kenako ku Salisbury, mzinda umene lero ndi Harare. Patangotha zaka zochepa kampani yakeyo idalowa mu Rhodesia and Nyasaland Airways, imene likulu lake lidali ku Salisbury ndipo Imperial Airways ya ku Britain idali ndi gawo lake m'menemo. Ntchito yaikulu ya kampaniyi kuno idali kutulutsa makalata ndi azungu pa Chileka kuti akakumane ndi ndege zikuluzikulu za ufumu wa Britain. Za madera ovuta kufikako a m'dziko muno zidali zapambuyo.

Chaka cha 1946 chidaonetsa poyera kusiyana kwa zofuna za kumwamba ndi zosowa za pansi. Mu June chaka chimenecho maboma atatu adakhazikitsa Central African Airways. Southern Rhodesia idatenga magawo 50 pa 100 alionse, Northern Rhodesia 35, Nyasaland 15 okha, ndipo likulu, mogwiriramo ntchito yokonza ndege, pamodzi ndi ntchito zonse zaluso, zidakhala ku Salisbury. Mu December chaka chomwecho mvula idagwa mosalekeza pa Zomba, napolo n'kutsika m'phiri, kugumula milatho, kukokolola nyumba ndi kupha anthu. Komabe nkhani imene inkatenga mitima ya olamulira m'zaka zotsatira idali ya ndege zotera pamadzi za BOAC, zimene mu 1949 zidayamba kuima ku Cape Maclear paulendo wa pakati pa England ndi Johannesburg. Chaka chotsatira kampaniyo idasiya ndege zamtunduwu, hotela ya kunyanjako n'kutsala yopanda alendo. M'nyengo yomweyo ndege zina zinkajambula dziko lino kuchokera kumwamba, zithunzizo n'kumatumizidwa ku England kumene a Directorate of Colonial Surveys ankazisandutsa mapu. Pazithunzi zotere pamaoneka bwino lomwe pamene mitengo ikutha ndi pamene nthaka ikukokoloka, koma mlimi wa ku Domasi sadazione. Iye chidamufika ndi lamulo la malimidwe, mizere yokakamiza ndi chindapusa. Sikimu yachitukuko cha m'midzi imene boma lidayambitsa ku Domasi mu 1949 idali ndi zolinga zabwino, koma nayonso idali yokonzedwa ndi amene adali ndi mapu, kukonzera amene sadaonetsedwe mapuwo.

Amalawi sadachedwe kuzindikira kuti bwalo la ndege ndi nkhani ya ulamuliro. Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chitayamba mu 1953, za ndege ndi za asilikali zidapita m'manja mwa boma la ku Salisbury. Pa 6 July 1958 khamu la anthu lidadzaza Chileka kudzalandira Dr Hastings Kamuzu Banda. Mu February 1959 otsatira chipani chake cha Congress adatseka bwalo la Fort Hill, kumene lero ndi Chitipa, podziwa kuti mphamvu za boma kumapiri a kumpotoko zinkadzera pamenepo. Bwanamkubwa Robert Armitage, ali ku Zomba, adapempha thandizo ku Salisbury, ndipo asilikali a ku Southern Rhodesia adafika pandege. Pa 3 March 1959 Dr Banda adagwidwa m'mbandakucha n'kuulutsidwa kupita kundende ya Gwelo. Ndege zankhondo za ku Rhodesia zinkadutsa motsika pamwamba pa midzi, ndipo pomatha chipwirikiticho anthu oposa 50 adali ataphedwa. Mtunda umene kale unkateteza anthu a m'mapiri, woti msilikali ayende masiku angapo asanafike, udafupika kukhala wa maola ochepa, ndipo mfungulo yake idali m'thumba mwa munthu wa dziko lina.

Pali ndege imodzi yokha imene munthu wamba wa kumudzi adaikwera mwaunyinji, ndiyo ya Wenela. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950 bungwe limeneli, lolemba anthu ntchito za m'migodi ya ku South Africa, linkanyamula amuna pandege zake kuchoka kuno kupita ku Francistown ku Botswana, kumene ankakwera sitima ya ku Joni. Pofika kumayambiriro a zaka za m'ma 1970, Amalawi oposa 100,000 adali m'migodi imeneyo, ochokera m'maboma onse, la Zomba lomwe. Mnyamata amene sadakwerepo ngakhale galimoto laling'ono ankapimidwa, kudinda chala papepala, kupatsidwa nambala, n'kupezeka ali mlengalenga, pamene kumudzi mkazi wake ankatsala ndi khasu, ana ndi msonkho. Ena adabwerako ndi njinga, wailesi ndi malata, ena ndi chifuwa cha fumbi la mgodi, ena adasanduka matchona. Pa 4 April 1974 ndege ya Wenela ya mtundu wa DC-4 idagwa itangonyamuka pa Francistown chifukwa cha mafuta osakanizika, ndipo mwa anthu 78 amene adafa, 74 adali Amalawi obwerera kwawo. Dr Banda adaimitsa kulemba anthu kwa Wenela nthawi yomweyo. Apa ndi pamene pali umboni wolemera koposa wa mfundo yanga. Pamene migodi ya kunja idafuna mikono ya anthu a kumudzi, ndalama, ndege ndi mabwalo zidapezeka, ndipo mitunda sidakhale vuto. Si luso kapena chuma chimene chidasowa kuti ndege itumikire wa kumudzi. Kudasowa womufunira zimenezo pakati pa amene ankalamula.

Ufulu sudasinthe zinthu msanga. Air Malawi idabadwa mu 1964 ngati nthambi ya Central African Airways, ndipo idaima payokha mu 1967 kholo lakelo litatha. Mu 1974 idagula ndege yaikulu ya VC10 kwa British Caledonian n'kuyamba maulendo a ku London, amene adatha mu 1979 ndalama zitavuta. Mu 1975 likulu lidasamukira ku Lilongwe, mzinda umene ngongole ya ku South Africa idathandiza kuumanga, ndipo mu 1983 bwalo lalikulu la ndege lidatsegulidwa ku Lumbadzi. Zomba adatsala ndi Nyumba ya Malamulo mpaka 1994, yunivesite, ndi bwalo la asilikali limene lidalandira ndege za Dornier zochokera ku West Germany. Air Malawi idapitiriza kukwawa ndi ngongole mpaka idathetsedwa mu 2013. M'malo mwake mudabwera kampani imene lero ndi Malawi Airlines, yomwe idayamba kuuluka mu January 2014: boma lili ndi magawo 51 pa 100, Ethiopian Airlines 49, koma ndege zake ndi akuluakulu oiyendetsa akhala akuchokera ku Addis Ababa. Kale njira zonse zinkadzera ku Salisbury. Lero zimadzera ku Addis Ababa, Nairobi ndi Johannesburg. Mayina a mizinda asintha, koma kumene kumapangidwa ziganizo kukadali kutali.

Wina anganene kuti mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, ndipo kuti tidayesa kuyendetsa tokha kampani ya ndege kwa zaka zoposa 40 n'kuigwetsa. Mawu amenewa ali ndi mbali yoona, ndipo sindikuwapeputsa. Dziko losauka siliyenera kuchotsa ndalama ku mankhwala ndi feteleza kuti lingoona mbendera yake pamchira wa ndege. Ndiponso kukhala mwini ndege si kukhala ndi mphamvu pa iyo. Ndege ya asilikali ya Dornier 228 imene idagwa m'nkhalango ya Chikangawa pa 10 June 2024, n'kupha wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko Dr Saulos Chilima ndi anthu ena 8, idali yathuyathu. Komabe akatswiri ofufuza za ngoziyo adachokera ku Germany, ndipo adapeza kuti m'ndegemo mudalibe makina osunga mawu ndi mayendedwe ake, komanso batire la kachipangizo kolozera pamene ndege yagwera lidali litatha ntchito zaka zambiri m'mbuyomo. Choncho nkhani si yoti tithamangitse alendo. Ethiopia yemweyo ndiye chitsanzo. Kampani yake idayamba kuuluka mu 1946, chaka chomwe Central African Airways idabadwa, ndipo ankaiyendetsa adali Amereka a TWA. Koma mwini wake lidali boma la Ethiopia, ndege zake za DC-3 zinkatera m'matauni a m'mapiri kumene kudalibe misewu, ndipo mlendo adapatsidwa ntchito yophunzitsa eni dziko. Mu 1957 kaputeni woyamba wa ku Ethiopia komweko adayamba kuyendetsa ndege, mu 1971 kampaniyo idakhala ndi mkulu wake woyamba wa dzikolo, ndipo mu 1975 a TWA adachoka. Pamwamba pa phiri la Zomba pali malo otchedwa Emperor's View pokumbukira ulendo wa mfumu Haile Selassie. Chimene tikadatengera kwa iye ndi kalembedwe ka mgwirizano umene umauza mlendo zoti aphunzitse ndi nthawi yoti asiyire eni.

Winanso angafunse kuti, nanga mlimi wa ku Domasi, amene mwina sadzakwerapo ndege moyo wake wonse, zimenezi zimukhudza bwanji? Yankho lili m'madzi. Moyo wonse wa chigwachi umatsika kuchokera kuphiri. Mtsinje wa Domasi ndi umene umathirira sikimu ya mpunga imene idamangidwa m'zaka za m'ma 1970 ndi thandizo la ku Taiwan, kuderali ndi kumene kuli maiwe a boma ofufuzira za ulimi wa nsomba, ndipo madzi otsala amakadyetsa Chilwa, nyanja ya matemba, makumba ndi milamba imene idauma mu 1968 ndi mu 1995, n'kuphwanso koopsa mu 2018. Nkhalango ikatha, mtsinje umasefukira m'dzinja n'kuphwa m'chilimwe, ngalande za sikimu zimadzaza mchenga, ndipo alimi a kumtunda ndi a kumunsi amayamba kukanganirana madzi. Wotentha makala ndi wocheka matabwa sadana ndi mitengo; amadula chifukwa mtengo wogwa ndi wokhawo umene umawapatsa ndalama. Mtengo woimirira umalipira pokhapokha pali mlendo wodzauona, amene amagona kuhotela ya Ku Chawe, kulemba mnyamata womuperekeza ku Chingwe's Hole, ndi kugula zipatso ndi ziboliboli m'mbali mwa msewu wokwera phiri. Mlendo ameneyu amadzera pa Chileka, makilomita oposa 60 kuchokera ku Zomba. Mu January 2019 South African Airways idaimitsa maulendo ake a ku Chileka, oyang'anira za ndege a ku South Africa atapeza zoperewera pa mpanda wa bwalolo ndi pa zida zozimitsira moto ndi zopulumutsira anthu. Cholakwa chidali chathu, chiweruzo chidachokera kunja, ndipo wogulitsa zipatso pamsewu wa kuphiri sadafunsidwe ndi mbali iliyonse.

Funso loti ndege ione chiyani nalonso silinathe ndi atsamunda. Ndege za kauniuni, za kampani ya Sander Geophysics ya ku Canada, zidayendayenda motsika pamwamba pa dziko lonse ndi ndalama za World Bank ndi European Union, ndipo zotsatira zake zidatulutsidwa mu 2015. Zidasakasaka miyala ya mtengo wapatali pansi pa nthaka, ndipo mapiri ndi zidikha zozungulira Chilwa ndi ena mwa malo amene makampani a migodi akunja akuwayang'anitsitsa. Kudziwa chuma cha pansi pa nthaka si kulakwa. Koma ngati ndalama zidapezeka zounikira miyala ya dziko lonse, n'zovuta kumvetsa chifukwa chake komiti ya zachilengedwe ya m'mudzi wa ku Malosa ilibe chithunzi cha chaka ndi chaka choonetsa pamene nkhalango yawo yadyeka, pamene moto wolusa umayambira, ndi ming'alu ya m'phiri imene ingabale napolo. Mu March 1991 napolo wa m'phiri la Michesi adapha anthu mazanamazana ku Phalombe. Mu March 2023 namondwe wa Freddy adagumula mapiri ku Blantyre, Chiradzulu, Mulanje ndi Phalombe, misewu ndi milatho n'kuduka, ndipo dziko lidadalira ndege ndi mahelikopita a ku Tanzania, Zambia ndi a mabungwe akunja kuti lifikire anthu otsekeredwa. Anansiwo adatichitira zaubale, ndipo tiyenera kuwathokoza. Koma mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, pamene napolo amabweranso. Ngakhale tindege topanda woyendetsa, timene UNICEF ndi boma adatitsegulira malo oyeserera ku Kasungu mu 2017, tayenda kwambiri ndi makampani ndi ndalama zakunja. Chabwino n'chakuti sukulu yophunzitsa achinyamata a kuno kupanga ndi kuulutsa tindegeti idatsegulidwa mu 2020. Funso latsala ndi loti omaliza maphunzirowo awalembe ntchito ndani pulojekiti ikatha.

Njira ina ilipo, ndipo chitsanzo chake chili kumathero a mtsinje wa Domasi womwewo. Madambo a Chilwa ndi Chiuta ndi amodzi mwa malo ochepa m'chigawo chino cha Africa kumene dzombe lofiira limaswana. Palibe dziko limene lingalimbane nalo palokha, chifukwa dzombe silidziwa malire, ndipo ndege zoliunikira ndi kulipopera n'zodula. Ndiye chifukwa chake mu 1970 mayiko a m'chigawochi adakhazikitsa bungwe la IRLCO-CSA, limene likulu lake lili ku Ndola ku Zambia, kulowa m'malo mwa bungwe la atsamunda limene lidali ku Abercorn, kumene lero ndi Mbala. Ndege ya bungweli ikauluka pamwamba pa madambo a Chilwa imakhala itachokera kunja, koma si yachilendo, pakuti Malawi ndi membala, amasonkha nawo ndalama, ali ndi mpando pamene ziganizo zimapangidwa, ndipo ntchito ya ndegeyo ndi kuteteza munda wa mlimi. Bungweli limavutika mayiko akamachedwa kupereka zopereka zawo, komabe likuonetsa kuti pakati pa kugula ndege zimene sitingathe kuzisamala ndi kungodikira chifundo cha ena pali njira yachitatu, yosonkherana ndi anansi n'kukhala ndi mawu.

Zimene mbiriyi ikutiphunzitsa n'zotheka kuzichita, ndipo zambiri sizifuna kugula ndege yatsopano. Mgwirizano uliwonse ndi kampani yakunja, kaya ndi ya ndege zonyamula anthu, ya kauniuni kapena ya tindege tonyamula mankhwala, uzinena poyera kuchuluka kwa Amalawi amene aphunzitsidwe, ntchito zimene adzazitenge, ndi chaka chimene adzazitenge, ndipo Nyumba ya Malamulo iziuona. Chithunzi chilichonse chojambulidwa pamwamba pa Zomba ndi Malosa chizisiyidwanso ku khonsolo ya boma la Zomba, ku ofesi ya zankhalango, ndi kwa mafumu ndi makomiti a m'midzi, mwa njira yoti mlimi angathe kuloza munda wake ndi kasupe wa kwawo. Bungwe loyang'anira za ndege limene lamulo la 2017 lidakhazikitsa lipatsidwe ndalama ndi ufulu wokwanira kuti zoperewera za pa Chileka tizizipeza tokha mlendo asanatiuze. Mayiko a SADC amene amagundidwa ndi anamondwe a m'nyanja ya India asonkherane mahelikopita opulumutsira anthu monga adachitira ndi ndege za dzombe, ndipo bwalo la Zomba, limene lili pafupi ndi Chilwa, Phalombe ndi Mulanje, likhale amodzi mwa malo ake okhazikika. Pomaliza, gawo lina la ndalama zimene alendo amasiya paphiri lizibwerera kumidzi imene ikusunga mitengo ya m'mphepete mwa mtsinje. Kwacha iliyonse yolowa mu za ndege tiziiyeza ndi funso loti ithandiza bwanji kuti mtsinje wa Domasi uziyenda mpaka mu October, ndi kuti napolo akadzatsikanso anthu adzafikiridwe tsiku lomwelo. Boma limene silingayankhe funso limeneli lisasayine mgwirizanowo.